Namasupuni m'Dziwe Lathu la Ubatizo

Amuna anga anavomera kubatizidwa ali chigonere pa bedi la m'chipatala, mkono wamanzere utangoti lobodo pambali pawo ngati wa munthu wina. Sanandiyang'ane ponena. Maso anali kudenga.

"Ba mtumwi," anatero, lilime likulemerabe, "nikachoka muno, mukauze abusa banu. Nizangena m'manzi yanu yaja."

"Ba mtumwi" ndi mmene ankanditchulira pondiseka, chikwatiranireni, chifukwa sindinkajomba ku mapemphero. Ndinatola kapu ngati ndikukatunga madzi, ndipo nditafika pa mpopi wa panja ndinatsamira khoma n'kulira. Sindinafune kuti aone. Ndimawadziwa bwino: akazindikira kuti mawu awo akusangalatsa kwambiri, amawabweza.

Pempho limeneli ndinali nditagogoda nalo kumwamba kuyambira ndili ndi mwana woyamba kumsana. Ndinakwatiwa ndi mwamuna wabwino, Mtonga wobadwira mu Livingstone momwemuno, amene anakalambira pa maboti onyamula alendo pa Zambezi. Sanandiletsepo kupemphera. Lamlungu ankandiperekeza mpaka pa geti la tchalitchi, iwo n'kupitirira kukasewera nsolo kuseri kwa msika wa Maramba. Ana athu anakula, anabatizidwa, anapita kumakomo kwawo. Ndikawafunsa bambowo za moyo wawo ankangoti, "Ine manzi nayaona yambili." Ndinali ngati mayi wamasiye uja wa m'Malemba amene anatopetsa woweruza ndi kubwerabwera kwake, kungoti Woweruza wanga satopa, ndipo amene anatsala pang'ono kutopa ndinali ine. Ndiye sitiroko itawagwetsa m'bafa Pasaka ili pafupi, n'kunena mawu amenewa, ndinadziwa kuti chitseko chatseguka pang'ono chabe, ndipo kamphepo kalikonse kangachitseke. Adokotala anali atandiuzira pambali kuti matendawa amakonda kubwereza, ndipo pobwera sanena odi.

Mpingo wathu ndi waung'ono, ndipo timabatiza pomiza munthu yense, osati kudontheza madzi pamphumi. Timachita kamodzi pa chaka, chisanu chikatha, mvula isanayambe. Kale tinkatsikira ku mtsinje wa Maramba. Koma ndi maso angawa ndinauona mtsinjewo ukutsekeka. Poyamba tinkangoona tizilumba tobiriwira tikutsika ndi madzi, tili ndi maluwa a pepo okongola ngati a pa ukwati. Ana ankathyola timapesi take totupa n'kumaphulitsa ndi zala. Mayi anga, amene anabwera kuno kuchokera kum'mawa ndi Chichewa chimene anandisiyirachi, anazindikira msanga. Anati ameneyu ndi namasupuni, ndipo kumene wafika sachokako. Sipanapite zaka zambiri, ukaima pa mlatho unkangoona ngati bwalo la mpira. Asodzi a mbedza anasowa poponya. Ng'ona zinapeza denga. Tsiku lina madikoni akuyesa kutsegula malo obatizira, mphuno ya ng'ona inatulukira pakati pa masamba pafupi ndi miyendo yawo, ndipo kuyambira pamenepo sitinabwererekonso.

Mulungu anatipatsa malo ena kudzera mwa mayi wina wamasiye wa mumpingo, wokhala ku Libuyu. Ali ndi munda kunja kwa tauni, kumene malemu amuna ake ankakumba dothi loumbira njerwa mpaka anaboola kasupe. Dzenjelo linasanduka dziwe losaphwa ngakhale mu Okutobala. Silikhudzana ndi mtsinje uliwonse. Madzi ake anali oyera moti munthu ataima ofika m'chiuno ankaona zala za kumapazi kwake. Mayi yemweyo ndi amene ankayang'aniranso maluwa a m'tchalitchi, ndipo apa ndi pamene nkhani inalowera.

Tili ndi mwambo umene aliyense amaudziwa ngakhale palibe anauphunzitsapo pa guwa: chinthu chimene chaima patsogolo pa gome la Ambuye sichitayidwa kudzala. Nsalu ikang'ambika timaiwotcha n'kukwirira phulusa. Maluwa akafota timawakwirira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Pasaka ya chaka chimenecho, ine ndili kuchipatala, atsikana a kwaya anaona namasupuni atachita maluwa pafupi ndi mlatho. Anakamuzula ndi mizu yomwe n'kumuika m'mabeseni a madzi kutsogolo kwa guwa. Akuti kunakongola kwabasi. Vuto linali lakuti sanafote. Maluwa anagwa, koma masamba anakhalabe obiriwira, ndipo Lamlungu linzake anali ataphukira tiana m'mbali. Amayi a mumpingo anakhala pansi kukambirana. Kukwirira chinthu chamoyo chimene chatumikira pa tsiku la kuuka kwa Ambuye, mitima inakana. Kudzala, ayi. Kubweza kumtsinje kumene kumatsikira zonyansa za m'makomboni, ayinso. Madzi oyenera anali amodzi okha. Anasenza mabeseni aja, anakwera minibasi, anatsika, anayenda akuimba, n'kukakhuthulira m'dziwe la ubatizo, n'kupemphera.

Wina angafunse kuti kodi sanaone zimene zinachitika kumtsinje. Anaona, tonse tinaona. Koma m'maganizo mwathu wa kumtsinje uja anali udzu, ndipo wa m'mabeseni anali maluwa a Pasaka. Sindikuwaweruza. Ndikanakhalapo ndikanasenza beseni langa, mwinanso ndikanayambitsa nyimbo.

Amuna anga anatuluka m'chipatala. Miyezi yozizira inatha akuphunziranso kuyenda, kuchoka pakhomo kufika pa mpanda, kenako mpaka pa msewu, ndodo kudzanja lamanja. Mwendo unabwerera, mkono ayi. Abusa athu, amene pakati pa sabata amawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, ankabwera kunyumba kudzawaphunzitsa. Ndinkamvetsera ndili kukhitchini. Ankatsutsa chilichonse, ankafunsa mafunso okhota, ankawatcha abusawo "uja wa ma geti" akangotuluka, koma sanawabwezepo pakhomo. Ine ndinkayenda m'nyumba mwanga ngati munthu wosenza dzira pa supuni.

Chisanu chitayamba kutha, amayi tinapita kukalambula njira ya kudziwe, monga timachitira ubatizo ukayandikira. Mwini munda anali nafe. Sanapiteko nyengo yonse yozizira chifukwa cha mawondo, ndipo m'njira monse ankatiuza kuti tikaona zokoma, poti pamene anapitako komaliza maluwa aja anali atazungulira m'mphepete ngati mkanda. Tinadutsa mitengo ya tsanya, tinatsika kamtunda, ndipo ine ndinaganiza kuti tasochera. Dziwe panalibe. Panali dimba lobiriwira, lothithikana, lathyathyathya kuchokera tsidya lino mpaka tsidya lija. Mayi wina anaponya mwala. Sunamveke kugwa m'madzi. Nditagwada n'kukankha masamba ndi khasu, pansi panaoneka madzi akuda, mizu ikulendewera ngati ndevu, ndipo panatuluka fungo la chithaphwi ndi khamu la udzudzu.

Mwini munda anakhala pansi pa mchenga, miyendo tambalale.

"Mayo ine! Yanali mabeseni chabe. Mabeseni yosambikilamo mwana!"

"Ba mayi, mwana wanu wakula," anatero mayi woponya mwala uja, ndipo ena anaseka, poti pena munthu umaseka kuti usalire.

Ine sindinathe kuseka. Ndinakumbukira za chotupitsa chochepa chimene chimatupitsa mtanda wonse, koma chimene ndinkaona kwenikweni chinali nkhope ya amuna anga akumva kuti ubatizo wasunthidwa.

Lamlungu titaweruka, akulu a mpingo anatsalira, ndipo amayi tinakhala kumbuyo kumvetsera. Wina anati tipemphe dziwe losambiramo pa loji ina. Ena anakana, ati m'madzi amene alendo amasambamo atagwira mabotolo a mowa sitingamizemo anthu a Mulungu. Wina anatchula Zambezi, ndipo anamufunsa ngati adzakambirane yekha ndi mvuu. Wina anati mgolo, palibe anamuyankha. Abusa anati ngati zivuta tidikire chaka chamawa, poti ambiri oyembekezera ubatizo anali achinyamata. Ndikudziwa kuti madzi sapulumutsa munthu. Wachifwamba uja wa pamtanda sanaviikidwe paliponse. Koma kwa amuna anga, kulowa m'madzi pamaso pa anthu ndiko kunali kuvomera kwawo, ndipo chaka chamawa sindinkachidalira, kaya pa thupi lawo kaya pa mtima wawo. Pamapeto pake abambo a mumpingo anati imeneyi ndi nkhani yaing'ono, Loweruka apita ndi zikwanje.

Anapitadi, ndipo anagwira ntchito ndi mtima wonse, monga amatchetchera udzu wa pabwalo la tchalitchi. Anatema, anadula, anasadzula, zina n'kuunjika m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Pochoka madzi ankaoneka, ndipo Lamlungu tinayamika. Kunyumba nkhaniyi ndinawabisira amuna anga. Koma dzuwa linali litayamba kutentha, ndipo titapitanso kukaona, kachidutswa kalikonse kamene kanatsala ndi muzu kanali kataphuka. Milu ya m'mphepete inali itatsetserekera m'madzi n'kugwiranso. Zodulidwa zina zinamira n'kuola. Dziwe linali litatsekekanso, kungoti tsopano linkanunkha koposa.

Nkhani sibisika mu Maramba. Amuna anga anali atayambiranso kupita ku nsolo, pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, ndipo tsiku lina anabwera masana akumwetulira mbali imodzi ya kamwa, imene inkagwirabe ntchito.

"Ba mtumwi, namvela ati mwalima galadeni mu Yorodano."

Ndinapitiriza kusankha nyemba.

"Ati munapeleka na nyimbo." Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anakhala pa mpando, ndodo pakati pa miyendo, nanena mopepuka ngati akunena za nyengo, "Basi, kabili. Manzi yanikana yeka. Si ine nakana. Tizaona chaka chibwela."

Ndinafuna kulalikira, ndinafuna kuwakumbutsa za bedi la m'chipatala, koma china chinanditseka pakamwa, ndipo ndimakhulupirira kuti sizinali nzeru zanga. Ndinangoti, "Abambo anayesetsa. Anapita ndi zikwanje, anatema tsiku lonse."

Kumwetulira kunatha.

"Banachita chani?"

"Anatema."

"Kutema? Chija chintu, kuchitema monga mauzu?" Anamenya ndodo pansi. "Nindani anabauza? Uja wa ma geti? Imwe bantu! Chija ukatema wabyala! Manje vamene banachosa banaika kuti?"

"M'mphepete."

"Pafupi na manzi!" Anayang'ana kumwamba ngati akufuna mboni.

Zaka zonse za pa maboti anakhala akulimbana nacho chomerachi, kuchichotsa ku mainjini ndi pa madoko, ndipo ankadana nacho monga mlimi amadana ndi kaufiti. Kuthawa ubatizo akanatha. Koma kumva kuti ntchito ya pamadzi yagwiridwa chonchi, iwo n'kukhala chete, zimenezo sakanatha.

"Pa Chibelu munipeleke," anatero, kutanthauza Loweruka. "Na mupando."

Tinawakweza kutsogolo kwa kalole ka abusa, kumbuyo kuli chingwe chachitali chimene anabwereka kwa anzawo akale a pa maboti. Tinawaikira mpando pansi pa tsanya, ndipo munthu amene ankalowa m'tchalitchi mwathu pa maliro ndi pa maukwati pokha anayamba kulamula mpingo wonse ndi ndodo. Zikwanje anati zitsale m'galimoto. Chingwe chizungulire chigawo chimodzi cha namasupuni, magulu awiri akoke kuchokera mbali ziwiri mpaka chigawocho chifike posaya, ndipo pamenepo tizinyamula chathunthu, mizu ndi masamba, kupita nacho kumtunda pa mchenga wouma, kutali, n'kuyanika mizu ili m'mwamba.

Sindinkadziwa kuti chinthu choyandama chingalemere chotero. Mtolo umodzi unkakhetsera madzi akuda kumsana konse. Manja ankayabwa. Misundu inatimata m'miyendo, ndipo njoka ya m'madzi itatuluka mu mtolo wa mtsogoleri wa kwaya, tinamva mawu okwera amene sanawafikepo m'tchalitchi. Mwini munda, ndi mawondo akewo, anakana kukhala pansi. Ankakokera tizidutswa kumtunda ndi khasu akung'ung'udza yekha, "Maluwa ya Pasaka, maluwa ya Pasaka."

"Ba busa!" anakuwa amuna anga. "Kokani monga mwamene mumakokela ulaliki, osaleka!"

Abusa anaima m'madzi ofika m'chifuwa, mizu ili pa phewa. "Ba mudala, kambani bwino. Siku lija mutu wanu uzankala m'manja mwanga."

"Ndiye chifukwa nifuna muphunzile kugwila."

Chingwe chawo chotamandikacho chinaduka tsiku lina, abambo n'kugwa chagada m'matope, mulu umodzi. Amuna anga anati vuto ndi mfundo za anthu a kumtunda. Tinachilumikiza. Komanso chingwe chinkasiya tiana tating'ono, ndipo timeneti ndi timene tinatipusitsa poyamba. Apa ndi amayi amene tinapeza njira. Tinabweretsa maneti akale a udzudzu, n'kumasefa pamwamba pa madzi awiriawiri, monga tinkagwirira timatemba tili ana. Amuna anga anayang'ana kwa kanthawi, nati, "Hmm," ndipo kwa iwo kumeneko n'kuyamikira.

Tinkabwerera Loweruka lililonse, ndi masana ena apakati pa sabata kwa amene analibe maganyu. Zinaoneka kuti dziwe lonse sitilimaliza. Ndiye amuna anga anatimangitsa mapolo a bulugamu ndi zigubu zopanda kanthu, mzere woyandama wodula dziwe pakati, kuti namasupuni wotsalayo akhale tsidya lake. Mbali yathu kasupe anayamba kuyeretsa pang'onopang'ono. Madzi sanabwerere mwakale, koma anachoka pa kuda n'kufika pa mtundu wa tiyi wopanda mkaka.

Ndinene pano kuti mpaka lero sitinamuthe. Njere zake zili m'matope, ndipo mvula ikagwa timapeza tina taphuka. Tinamupezanso m'chitsime cha dimba la aneba, kaya anapita ndi mbalame kaya ndi ndowa. Timapita kukazula, kuyanika ndi kuwotcha, ndipo amayi tinagwirizana kuti chomera cha m'madzi chisadzalowenso m'tchalitchi.

Masana a Loweruka lomaliza ubatizo usanachitike, anthu akupuma pa mthunzi, ndinaona kuti amuna anga akhala chete. Kukhala chete kwawo kunkandiopsa kuposa phokoso, poti ndi mmene anayambira tsiku limene anagwa. Ndinapita ndi botolo la madzi n'kugwada pambali pa mpando.

"Bambo, mutu?"

Anapukusa mutu kukana. Maso anali pa dziwe. Patapita nthawi ananyamula dzanja lamanzere ndi lamanja, n'kulisiya. Linagwera pa ntchafu.

"Ine nenze kuwoloka Zambezi na manja aya," anatero motsitsa mawu. "Manje nikatelela muja, ili silingagwile kantu. Pansi ni matope. Na uja wa ma geti ni mufupi."

Pa zaka zonse za ukwati wathu sindinawamvepo akunena kuti akuopa madzi. Ndinakumbukira wodwala uja wa m'Malemba amene anagona nthawi yaitali m'mphepete mwa thamanda chifukwa analibe munthu womulowetsamo. Ine ndinali nditapempherera mtima wawo mpaka mawondo kuchita zikang'a, osaganizako za mkono.

"Ndidzalowa nanu," ndinatero. "Ndidzaima kumanzere."

"Bakazi sibangena bamuna bakabatizika."

Zinali zoona. Kwathu abambo akamabatizidwa, m'madzi mumaima abusa ndi dikoni. Amayi timadikira kumtunda ndi zitenje ndi nyimbo. Ndinanyamuka n'kupita kwa abusa, amene ankachotsa msundu pa mwendo, ndipo ndinawauza mosazungulira. Anaganiza. Anati sakukumbukira pamene Malemba aletsa, koma akulu ena adzang'ung'udza.

"Adzang'ung'udza ali kumtunda," ndinatero. Ndinadabwa ndi pakamwa panga.

Abusa anaseka. "Ba mayi, mwankala maningi na ba mudala aba." Kenako anati, "Muzaima kumanzele."

Lamlungu la ubatizo kunacha ndi mphepo, ndipo ulendo wonse pa lole ndinkaganiza za mapolo aja. Titafika tinapeza namasupuni yense atakankhidwira pa mzere, ataunjikana, mzerewo utapindika ngati uta, koma unagwira. Pangodya imodzi tizilumba tingapo tinali titadutsa. Amayi anavula nsapato n'kuwola tizilumbato ndi neti, zovala za Lamlungu zili m'thupi.

Anayamba ndi achinyamata. Mmodzimmodzi ankatsika, kumira, kutuluka, nyimbo ikukwera. Ine sindinkaimba. Ndinkayang'ana amuna anga atakhala pa mpando wawo, atavala malaya oyera amene ndinawasitira, ndipo ndinkayembekeza nthawi iliyonse kumva kuti dzuwa lakwera, kapena mwendo wauma, tibwerere. Abusa atatambasula dzanja kuwaitana, sanawiringule. Anaimirira, anayenda ndi ndodo mpaka pamene mchenga unayamba kunyowa, n'kuipereka kwa mwini munda.

"Musaibyale," anamuuza.

Ndinagwira mkono wamanzere ndi manja anga onse, n'kuukanikiza pachifuwa panga. Dikoni anali kumanja. Madzi anali ozizira kumapazi, ofunda pamwamba. Matope ankameza mapazi, ndipo ndinkamva thupi lawo lonse likunjenjemera kudzera mu mkono umene iwo sankaumva. Kumbuyo kwathu ena ayenera kuti anang'ung'udza, sindinamve. Madzi atafika m'chiuno, abusa anawafunsa mafunso a chikhulupiriro, ndipo ndinatseka maso kuopa nthabwala. Panalibe nthabwala. Anayankha liwu limodzilimodzi, momveka, lilime lolemeralo likuyesetsa.

Ndiye abusa anaika dzanja kumbuyo kwa mutu wawo, natchula maina atatu a ubatizo aja, n'kuwagoneka. Ndinatsika nawo mpaka madzi anandifika m'khosi. Ndinaona nkhope yawo ikulowa pansi, imvi zikuyandama, maso ali chitsekere. Phazi lawo linatereradi. Ndinalimva likuchoka pansi, kulemera konse kukubwera kwa ine. Ndinakanikiza zidendene m'matope. Sindikudziwa kuti mphamvu ndinazitenga kuti, ine amene ndowa yodzaza imandivuta masiku ano. Tinawadzutsa atatu.

Anatsokomola, analavula, anapukusa mutu. Kumtunda nthungululu zinasweka.

"Yanunka manzi aya," anatero akupuma mwawefuwefu.

"Amen," anayankha abusa.

Kazembe wakhate uja wa m'Malemba nayenso ananyoza mtsinje umene anauzidwa kuti akasambemo, koma anatulukamo woyera.

Tinafika pa mchenga. Ndinakhala pansi pomwepo, chitenje chili chonyowa, ndipo amayi anandizungulira poganiza kuti ndadwala. Sindinadwale. Ndinali ngati munthu amene wasenza nkhuni kuchokera kutali, watula, koma khosi silinadziwebe kuti katundu wachoka. Sindinathe ngakhale kupemphera bwino. Ndinkangoti zikomo, zikomo, ngati mwana wolandira chinthu ndi manja awiri.

Pobwerera amuna anga anakana kukhala kutsogolo. Anawakweza kumbuyo kwa lole pamodzi ndi ena onse obatizidwa, atafunda chitenje changa china chouma paphewa. Achinyamata ankaimba, lole ikudumpha m'mabampu a ku Libuyu, fumbi likutimata m'tsitsi lonyowa. Tisanafike pa tala, mutu wawo unatsamira pa phewa langa, pamaso pa anthu onse, ndipo anagona tulo. Ndinaika chala pa dzanja lawo kuti ndimve mtsempha. Unkagunda bwinobwino, mosafulumira. Ndinawasiya agone mpaka ku Maramba.